Tsiku Limene Ana a Zelifa Anakhala Chete

Chaka chimene sukulu ya pulayimale inakhala yaulere, Zelifa anapatsidwa ana 190 a Sitandade 1 ndi mtengo wa mango, pa sukulu ina ya m'mbali mwa nyanja cha ku Kanyenda. Anali atangomaliza Fomu 4, ndipo mawu ake anali aang'ono. Anawo ankalira, kumenyana, kuimba nyimbo za zipani zimene anatola pa kampeni. Iye mutu unkangogunda ngati mtondo. A Chande, ahedi, anamuuza mosabisa kuti phokosolo likafikanso ku ofesi kwawo, malo akewo apatsa wina.

Loweruka anapita ku sitolo ina ku Dwangwa kukagula mankhwala a mutu. Mayi wachimwenye wa m'sitoloyo anamuyang'anitsitsa, kenako anamusonyeza zimene kwawo amazitcha yoga: zala zazikulu m'makutu, zinazo pa zikope, kupuma pang'onopang'ono. Anati munthu uziitana makutu, maso ndi mphuno kuti zibwerere m'kati, monga umalowetsera nkhuku m'khola.

Lolemba cha m'ma teni, phokoso litafika posauzana, Zelifa anaika choko pansi n'kukhala pa muzu wa mango. Anatseka makutu ndi maso. Kunayamba kuchoka kulira kwa ana, kenako mafunde, kenako fungo la usipa woyanika. Nyerere imene inkamuyenda pa mwendo anasiya kuimva. M'katimo munali mozizira, motakasuka, ngati pansi pa madzi. Mutu unaleka. Anabwerako monyinyirika.

Atatsegula maso, mthunzi unali utasuntha, ana akumbuyo ali padzuwa. Koma panalibe wodandaula. Onse anali atakhala mmene anakhalira iye, zala m'makutu, zina pa zikope, pakuti anazolowera kutsanzira chilichonse chimene aphunzitsi achita. Ntchentche zinkawatera pa milomo, iwo osaziingitsa.

Anawomba m'manja. Palibe anagwedezeka. Anagwira phewa la Dyna, kamtsikana kolongolola ka kutsogolo. Thupi linali lofunda, chifuwa chikukwera ndi kutsika bwinobwino. Anamuchotsa zala m'makutu n'kumutchula dzina. Atazisiya, zalazo zinabwerera zokha.

Apa m'pamene a Chande anatulukira, manja ali kumbuyo. Anaima kanthawi, akugwedeza mutu mokhutira.

"Madamu, mwawadyetsa chiyani anawa?" ananong'ona. "Ntchito ndi yanu, musadandaulenso. Mawa mudzawaphunzitseko aphunzitsi anzanuwa."

"Ahedi, chonde, lizani belu."

"Nthawi sinakwane," anatero, n'kubwerera monyang'ama kuti asawasokoneze.

Zelifa anayenda mzere ndi mzere, akugwedeza mapewa, akutchula mayina amene ankawakumbukira. Mayi wa ku Dwangwa sanamuuze mmene munthu amaitanira mnzake amene walowa m'kati.

Belu litalira, makalasi ena anabalalika akukuwa, fumbi koboo. Pansi pa mango palibe anadzuka. Patali, m'kanjira kochokera kunyanja, amayi awiri oyamba anali akubwera kudzaona chimene chachedwetsa ana awo.