Ndowa ya Amake Mapasa

Ana anga, adzukulu, ndi inu anzathu oyandikana nafe, senderani kuno mumve za malemu mkazi wanga, amene nonse munkawaitana kuti Amake Mapasa.

Chitsamba cha maluwa ofiira chili pagetichi anadzala ndi iwo. Kanali kamtengo ngati chala, anabwera nako m'chitini cha penti. Mbuzi zinakadya, dzuwa linakawamba, koma ayi ndithu, kanakula.

Atatisiya, ndinati chitsamba chokhachi chisafere m'manja mwanga. Ali moyo ndinkawaona tsiku ndi tsiku ataima pamenepo ndi ndowa, ndiye nanenso ndinayamba. M'mawa ndowa, madzulo ndowa. Masamba anayamba chikasu, kenako kuyoyoka. Ine kuona choncho ndinawonjezera madzi. Patsinde panasanduka matope okhaokha, mpaka kununkha.

Tsiku lina ndili chiweramire pomwepo, anasuzumira pampanda mayi wosoka zovala uja, mnzawo wa malemu.

"Alamu, mukufuna kudzala mpunga pagetipo?"

"Ndikuthirira mmene ankachitira anzanu."

Anaseka mpaka kugwira mpanda. "Kuthirira? Ndowa ija inkakhala yopanda kanthu! Ankangoinyamula kuti inu muziti ali pantchito. Ife tinkacheza apa."

"Kucheza chiyani tsiku lililonse?"

"Za inu, nanga za ndani? Mkonono wanuwo tinkaudziwa tonse mumsewu muno."

Atatero anapukuta m'maso ndi mpango. Kenako anati, "Chimenechi sichifuna kuleredwa ngati khanda. Madzi pokhapokha pansi pakauma gwa. Dulani zowolazo, muchisiye chipume."

Ndinadula nthambi zakufa, ndinakumba kangalande kuti madzi achoke. Koma kusiya kuthirira kunandivuta, ana inu. Kukacha manja ankandiyabwa. Ndinkangopita n'kuima pamenepo manja kumbuyo, osadziwa chochita, mpaka wosoka uja anayamba kumanditulutsira mpando. Timakamba za malemu, nthawi zina za mitengo ya zinthu basi.

Dothi litauma, ndinaona timasamba tanthete tikutuluka m'munsi, penipeni pomwe ndinadula. Lero si awo maluwa, akuchita kutchinga geti.

Ine miyendo yayamba kukana. Aliyense adule kanthambi kake, kotalika ngati chikhatho, akabaye kwawo m'dothi losadikha madzi, kamagwira mosavuta. Ana anu akadzafunsa kuti maluwawa anachokera kuti, musadzati kwa agogo basi. Muziwauza kuti ndi a Amake Mapasa, muziwatchula ndithu, asaiwalike.