Njira Yozembera Sikelo

Kuntchito amanditcha Lumo, ndipo dzinalo ndinkalikonda. Ntchito yanga ndi yodula. Kampani yathu ili ndi gemu yoyendetsa malole, ndipo osewera ena aluso amapanga okha zowonjezera: misewu yatsopano, malole akale, malo oimika magalimoto. Zowonjezerazo timazitcha mamodi. Pa kompyuta munthu akhoza kupanga modi yaikulu bwanji, palibe womufunsa. Koma ikati ipite pa konsolo, kabokosi kakuda kaja kamene anthu amalumikiza ku TV pabalaza, pamakhala malire. Eni konsolo amapereka muyeso wawo, ndipo ukapyola ngakhale pang'ono amakubwezera katundu wako. Choncho modi iliyonse imadzera pa tebulo langa kuti ndiichepetse thupi.

Modi imene inandigwetsa m'mbuna inali ya achimwene anga, a bere limodzi.

Bambo athu anayendetsa lole zaka makumi atatu ndi zinayi pa msewu umodzimodzi, kuchokera ku fakitale ya simenti kukafika ku depoti ya sitima. Msewuwo anaufukula kalekale n'kumangapo wina wotambalala. Achimwene amagwira ntchito kumgodi, kutali, komwe foni imagwira ikafuna. Atabwera pa tchuthi anakhala milungu itatu pakhonde ndi bambo, laputopu pamiyendo, bambo akulongosola, iwo akumanga msewu wakalewo mu gemu. Ndinkawamva ndikudutsa: "Ayi, iwe, chitunda chimayamba ukawoloka mlatho. Dzenjelo lisunthire kumanzere, linandidyera matayala awiri limenelo."

Tsiku lobwerera kumgodi achimwene anandisiyira mafayilo onse.

"Bambo kompyuta sangaithe, zala zawo ndi za siteringi," anatero. "Uwaikire pa TV. Koma usadule kanthu usanandifunse, wamva?"

"Mundiphunzitse ntchito inuyo?" ndinayankha. Pakamwa panga pamathamanga kuposa mutu, anthu onse a m'nyumba mwathu amadziwa zimenezo.

Nthawi imeneyo bambo anali atayamba kuiwalaiwala. Magalasi tinawapezapo mufiriji. Tsiku lina anandiitana dzina la malemu mayi, kenako n'kuyamba kutsokomola kuti ndisazindikire. Azakhali, mlongo wawo wa bambo, anali atavala zilimbe kuti bambo akaonane ndi dokotala ndiponso asiye kuyendetsa kapikapu kawo kakale. Bambo ankakana kwamtuwagalu. Kapikapuko n'kamene kankawatulutsa m'nyumba: kukagula buledi, kupita kutchalitchi, kukakangana ndi amakanika za mafuta a injini. "Mayina ndiiwale, magalasi ndiiwale," ankatero, akugogoda pachipumi, "koma msewu umu sunatulukemo. Tsiku limene ndidzasokoneze msewu, laisensi ndidzapereka ndekha."

Modi ya achimwene inapyola muyeso, osati kwambiri, koma inapyola. Eni konsolo amalandira mamodi kamodzi pa milungu isanu ndi umodzi, ndipo chitseko chinkatsekedwa Lachisanu lomwelo. Tili ndi pulogalamu imene imayendetsa lole yokha m'njira zonse zokaperekera katundu, kenako imapaka utoto wofiira paliponse pamene loleyo sinaponde. Zofiirazo nthawi zambiri zimakhala zinyalala: mitengo yobisika kuseri kwa phiri, nyumba zimene wopanga anayamba n'kuzisiya. Lamulo ndi lakuti uyang'ane chimodzichimodzi usanachotse. Lumo sayang'ana. Ndinasankha zofiira zonse, n'kudina batani, modi n'kulowa mu muyeso. Tiyi wanga anali asanazizire n'komwe.

Itavomerezedwa, ndinagula siteringi ya gemu yokhala ndi zopondera zake. Loweruka m'mawa ndinaimangirira pa tebulo la pabalaza, n'kuika chidutswa cha kapeti pansi kuti zopondera zisamatereke. Bambo anakhala pa mpando wodyera, ati sofa ndi ya anthu okwera. Anapukuta manja pa thalauzi, n'kuliza injini. Geti la fakitale litaonekera pa TV, anaseka mpaka kuonetsa mpata wa dzino limene anachotsa.

"Ndiye ntchito yako ndi imeneyi? Ine ndimayesa umangosewera ngati mwana tsiku lonse."

Chiyambireni ntchito, bambo anali asanainenepo zabwino. Ndinamva kukoma, ndisaname.

"Sunachotsemo kanthu? Mchimwene wako amati iwe ndiwe lumo."

"Ngakhale mwala umodzi, bambo."

Anayendetsa ngati ali ndi matumba enieni a simenti kumbuyo. Dzenje lija analizemba asanalione. Atawoloka mlatho n'kukwera chitunda, anachepetsa liwiro, n'kuyatsa indiketa ya kumanzere. Kumanzereko kunali tchire lokhalokha. Anakhota ndithu, lole n'kugunda mpanda wosaoneka umene gemu imaika pothera dziko lake. Siteringi inanjenjemera m'manja mwawo.

"Apa pali njira," anatero.

"Njira yanji?"

"Yozembera sikelo. Ukapachira mopyola, sudutsa pa sikelo yoyezera malole, umalowa apa. Kutsogoloko kuli mpope pansi pa mtengo. Ndi pamene ndinkasamba kumaso n'kusintha shati, kuti mayi ako asandilandire ndili mbuu ngati mzukwa. Mchimwene wako anaimanga, ndinaiona ndi maso angawa."

Anabwerera m'mbuyo, n'kuyesanso. Kachitatu. Njira yozembera sikelo si njira yokaperekera katundu, ndipo lole ya pulogalamu ija ndi yomvera malamulo. Ndinadziwa pomwepo kuti inapita limodzi ndi zofiira zija. Koma ndinali nditangonena kumene za mwala umodzi, ndipo bambo anali atangoyamikira ntchito yanga koyamba.

"Mwina ili kutsogolo, bambo," ndinatero.

Anapita kutsogolo mpaka ku depoti, akuyang'ana kumanzere njira yonse.

Lolemba ndinatsegula ndandanda wa zimene ndinachotsa. Inalipo, pa mzere wa makumi anayi ndi ziwiri: njira yafumbi, mtengo umodzi, mpope, ndiponso shati yoyera yopachikidwa pa nthambi. Achimwene anali atajambula ngakhale mabatani a shatiyo. Ndinakhala ndikuyang'ana mpaka mnzanga wa tebulo loyandikana anandifunsa ngati ndamva uthenga wa maliro. Kubwezeretsa sikunali kovuta. Ndinachotsa mitengo ina ya kuseri kwa fakitale, njira n'kulowa bwinobwino. Zinanditengera theka la ola, theka la ola limene ndinakana kuwononga Lachisanu lija. Koma chitseko cha eni konsolo chinali chotseka, ndipo chikanatsegulidwa patapita milungu ina.

Apa ndi pamene ndinachimwa kachiwiri, ndipo tchimo lachiwirili ndilo lenileni. Ndinaganiza kuti ndingokhala chete. Njira idzabwerera yokha mwakachetechete, bambo adzaipeza, adzati anangoiphonya, nkhani n'kutha popanda Lumo kugwada. Amati bodza lilibe miyendo. Langali linali ndi matayala.

Ndinkapita kwa bambo Loweruka lililonse. Sabata yoyamba ndinawapeza atajambula msewu wonse kuseri kwa kalendala, ndi pensulo, mlatho ndi chitunda zili m'malo mwake. Anali atafufuza mapu akale m'bokosi la zikalata, koma ndani angalembe njira yozembera sikelo pa mapu? Anzawo amene ankaidziwa, wina anamwalira, wina sadziwa ngakhale ana ake. Sabata yachiwiri ndinawapeza ataimika lole ya mu gemu pambali pa tchire lija, indiketa ikuphethira, iwo manja ali pamiyendo.

"Ndiwaimbire achimwene tiwafunse?" ndinatero, ndikudziwa bwino lomwe kuti ndikupemphera akane.

"Usamuuze," anayankha msanga. "Angayambe kudandaula ali pansi pa nthaka uko. Ndiponso akati sanaimange, ndiye ine nditani?"

Ndinapuma mosangalala, ndipo kupumako kumandinyansa mpaka lero.

Sabata yachitatu siteringi inali itachotsedwa pa tebulo, itaikidwa pamwamba pa kabati, chingwe chitakulungidwa bwinobwino. Kapikapu kanali ndi masamba a mtengo pa galasi, kusonyeza kuti sikanasunthe masiku angapo. Buledi anali atayamba kuwagulira azakhali. Ndipo Lachitatu lotsatira azakhali anandiimbira, mawu ali odabwa: "Bambo ako avomera za dokotala. Avomera okha, sindinawakakamize. Upemphe kuntchito utiperekeze."

M'chipinda cha dokotala munali mipando iwiri yokha ya alendo, choncho ine ndinaima pafupi ndi sinki. Dokotala anali mayi wofatsa, wa magalasi olendewera pachifuwa. Anafunsa bambo tsiku, mwezi, chaka. Anawapatsa mawu atatu oti asunge, kenako anawauza kuti ajambule wotchi. Bambo anajambula wotchi yabwino kuposa imene ndingajambule ine. Pa mawu atatu aja anakumbukira awiri.

"Si zoopsa kwenikweni, bambo," anatero dokotala. "Kuiwala kulipo, koma pa msinkhu wanu tingoyamba ndi kukuyang'anirani. Tionanenso pakapita miyezi isanu ndi umodzi."

Azakhali anayamba kutola chikwama. Ine ndinali nditagwira kale chitseko.

"Adokotala, pali china," anatero bambo.

Anafotokoza zonse mwadongosolo, ngati akupereka lipoti la ngozi kwa bwana. Anati pali njira imene amaiona m'mutu mwawo, ndi mtengo wake, ndi mpope wake. Anati amakumbukira kuzizira kwa madzi a pa mpopepo. Amakumbukiranso mwana wawo wamwamuna akuimanga pa laputopu, iwo atakhala pambali. "Koma kulibe. Mwana wanga wamkaziyu ndi katswiri wa zimenezi, anaika zonse osachotsa ngakhale mwala. Ndiye si kuiwala kokha ayi. Ndayamba kukumbukira zinthu zimene sizinakhalepo."

Dokotala anavala magalasi aja n'kuyamba kulemba. Analemba nthawi yaitali. Ndinkamva cholembera chikukanda pepala, ndipo pakamwa panga, pamene pamathamanga tsiku lililonse, panauma gwa. Ndinkaopa azakhali. Ndinkachita manyazi ndi mayi wachilendoyo. Zifukwa zake zinali zazing'ono choncho basi.

"Mumayendetsabe galimoto?" anafunsa dokotala.

Bambo anatulutsa laisensi m'thumba la shati n'kuiika pa tebulo. "Munthu woona njira pomwe pali tchire akhoza kupha ana a eni," anatero.

Pobwerera ndinayendetsa ndine. Azakhali tinawatsitsa pa famase kuti akagule mankhwala awo a BP, ife n'kudikira m'galimoto, dzuwa likuwomba pagalasi. Ndinazimitsa injini.

"Bambo, njira ija ilipo. Ndinaichotsa ndine."

Anatembenuka n'kundiyang'ana.

"Modi inakula, ndinadula osayang'ana. Ndinakunamizani. Ndinazindikira tsiku loyamba lomwe lija, koma ndinachita manyazi. Mpope ulipo, mtengo ulipo, shati yoyera ili pa nthambi. Mutu wanu uli bwinobwino, wolakwa ndine." Ndinali ndikulira tsopano, kulira konyansa kwa mamina. Ndinatulutsa foni, n'kufufuza ndandanda uja, n'kuwaonetsa mzere wa makumi anayi ndi ziwiri. "Onani, ndi iyi. Tiyeni tibwerere kwa dokotala pompano ndikanene."

Bambo analandira foniyo n'kuitalikitsa kumaso. Pa mzerewo panali manambala ndi zilembo zachingerezi zodukaduka, zimene ngakhale anzanga ena kuntchito sangaziwerenge. Anandibwezera.

"Za shati ndinakuuza ndine Loweruka lija," anatero mofatsa.

"Imbirani achimwene! Sabata ziwiri zikubwerazi njira ibwerera pa TV, mudzaiona nokha!"

"Ndikudziwa kuti idzabwera. Inu awiri mukhoza kumanga chilichonse, mukagwirizana usiku umodzi mpope waima." Anandigwira paphewa ndi dzanja lawo lolemera lija. "Chibadwire iwe sunavomerepo kulakwa, ngakhale tsiku lija unaswa wailesi uli ndi zidutswa m'manja. Lero ukudzisenzetsa mlandu kuti bambo ako asachite mantha. Ndakuona, mwana wanga, ndipo ndathokoza. Koma usamaname chifukwa cha ine."

"Sindikunama, bambo."

"Pukuta m'maso," anatero, akuyang'ana kutsogolo. "Azakhali ako akubwera apo. Undikumbutse njira yakunyumba tikamapita, ndiziiphunziranso."