Mchenga Umene Cassim Anasankha

Eveless sankadziwa kusambira, ndipo palibe anamufunsa. Lachisanu m'mawa Madamu anangoti, "Yalla, fulumira, konza zovala za Nura," basi, wantchito n'kupezeka ali m'boti la abwana, dzanja limodzi litakumbatira mwana wa eni ake, linalo litakakamira chitsulo. Nyumba zitalizitali za ku West Bay, mumzinda wa dziko lakutali limene ankagwirako ntchito, zinkafupika kumbuyo kwawo mpaka zinazimiririka. Kwawo ku Ntcheu madzi aakulu amene ankawadziwa anali a mumtsinje wochapira, olekeza m'mawondo.

Nura, wa zaka zitatu, ndiye ankasangalala. Boti likadumpha funde ankafuula kuti "Bwereza!" Ndi mawu okhawo a Chichewa amene anatola kwa Eveless, ndipo ankawanena pa chilichonse chomukomera.

Dzuwa litakwera anafika pachilumba china. Chilumbacho chinali ngati mkombero wa lichero: miyala ndi mchenga zitazungulira, pakati pali madzi obiriwira, odekha. Kunalibe nyumba, kunalibe munthu, mbalame zokhazokha. Mbali imodzi yokha ndiyo inali yokwera, yomera zitsamba. Boti lalikulu linaima kunja poti m'katimo munali mosaya, ndipo anthu analowa pa kaboti ka injini.

Woyendetsa kabotiko anali Cassim, dalaivala wa abwana, bambo wa ku Mangochi wosatha mawu. Ntchito yake inali ya galimoto, koma anali atadzitama kwa abwana kuti iye anabadwira m'bwato, ndiye anamusiyira chiwongolero. Madamu atalamula kuti mwana asapite kuzitsamba chifukwa cha zitosi za mbalame, Cassim analoza kamchenga kena pakati pa madziwo, koyera ngati ufa. Anatsitsapo Eveless ndi Nura, nazika ambulera.

"Achimwene, mukutisiya tokha pano?" anafunsa Eveless.

"Ndikawaperekeze abwana ndi Madamu kuseri uko akawedze, ndibwera. No problem, achemwali."

"Nanga madziwa?"

"Madzi atani? Ine ndi wakunyanja. Gombe silisuntha tsiku limodzi, limadikira mvula. Kuno mvula munaionapo? Khalas, nkhani yatha, khalani."

Ankanena zoona, koma za nyanja ya kwawo. Nyanja yamchere ili ndi khalidwe lake: imachoka n'kubwerera tsiku lomwelo, ndipo mchenga umene Cassim anasankha unali pogona pake. Kaputeni wa boti lalikulu ankazidziwa bwino zimenezi, koma munthu wobadwira m'bwato akanafunsa bwanji? Safunsa adadya phula, kungoti phula la tsiku limenelo anadyetsa mnzake.

Choyamba kuyandama chinali kansapato ka Nura. Eveless anakatola, nasunthira ambulera pakati. Posakhalitsa madzi anamunyambitanso zidendene. Anayang'ana uku ndi uko: mchengawo unkadyeka mbali zonse. Anatulutsa foni, netiweki panalibe. Anakuwa dzina la Cassim mpaka kukhosi kunawawa, anakupiza chitenje m'mwamba, koma kaboti kanali kuseri kwa miyala, ndipo boti lalikulu linkaoneka patali ngati kabokosi ka machesi.

Mchenga utatsala ngati mphasa, Eveless anayamba kulira. Anachita mantha amene sanawamvepo chibadwire. Mwana wake Phyllis anamusiya kwa achemwali ake ali msinkhu womwewu, kuti iye abwere kudzalera wa eni. Tsopano wa eniyo amufere m'manja? Akamuyang'ana bwanji mayi wake? Nura sankadziwa kanthu, ankangomenya madzi ndi timanja take.

Kuzitsamba kuja kunali kotalika ngati bwalo la mpira, ndipo pakati ponsepo panali madzi. Njira ina panalibe. Madamu ankaletsa kubereka mwana, ati miyendo imapindika, koma Eveless anamuponya Nura kumsana, namanga chitenje mfundo ziwiri, nalowa.

Madzi anafika m'mawondo, kenako m'chiuno. Patapata zake zinavuka n'kupita. Pansi panali miyala yakuthwa ngati mabotolo osweka, ndipo phazi lililonse akaponda ankamva kuti lang'ambika, mchere n'kulowa m'mabalamo. Madzi atafika pachifuwa anamva mwana akutsokomola kumbuyo. Nura anali atamwa madzi. Msana umene umapulumutsa mwana aliyense kwawo, pano unali kum'miza.

"Ambuye, musandichite zimenezi," anatero, zala zikulimbana ndi mfundo zonyowa. Yachiwiri anachita kumasula ndi mano. Chitenje chinapita ndi madzi. Anamukweza Nura m'mwamba, namukhazika pamutu, namugwira ntchafu zonse ziwiri, monga ankasenzera ndowa yodzaza pochokera kumjigo: khosi chilili, maso kutsogolo, phazi lizifufuza lokha popondapo. Mwana anali akulira tsopano, akumukoka tsitsi. Eveless anayamba kumuimbira kanyimbo kawo kosambira m'bafa mpaka kulira kuja kunaleka.

Nyimbo inathera pamene madzi anafika pachibwano. Anatseka pakamwa, nayendera zala zakumapazi. Funde lina linamuphimba mphuno ndi maso, mdima bii, koma manja sanawatsitse. Anadziuza kuti ngati n'kufa, afe ataimirira chomwecho, kuti mwana akhalebe pamwamba mpaka wina amuone. Anaponya phazi, osapeza pansi. Anaponyanso, chala n'kugunda mwala. Anaukwera, napuma, nasanza madzi amchere, naponyanso lina. Pang'onopang'ono madzi anatsikira m'khosi, kenako pachifuwa.

Atafika kuzitsamba anam'tsitsa Nura pouma, iye n'kugwa chafufumimba pazitosi zomwe Madamu ankaziopa zija. Mapazi ake anali nyama yokhayokha, magazi akudontha pamchenga.

Ndi pamene anamva injini. Kaboti kanatulukira kuseri kwa miyala, kakuthamangira kumene kunali kamchenga kaja. Kunalibe kanthu, ambulera yokha ikuyandama chagada. Kabotiko kanazungulira, kanazunguliranso. Madamu anali atatola chitenje m'madzi, akukuwa dzina la mwana wake ndi mawu amene Eveless sanaganizepo kuti mayi ameneyu ali nawo. Cassim, wobadwira m'bwato uja, anali ataimirira manja ali kumutu.

Eveless anayesa kuitana, koma mawu anali atatha. Anayesa kudzuka, mapazi anakana. Anangokweza mkono umodzi.

Nura anamukwera pamsana, namugwira makutu ndi timanja take tozizira, akuloza madzi amene anawoloka aja.

"Eve," anatero akuseka, "bwereza!"