Mpando Wakutsogolo wa a Stelia

Nkhani iyi anandiuza a Stelia Lachisanu lapitali, titakumana pachigayo ku Ligowe. Ndi mayi wa zaka 67, ndipo akhala akumwa ma ARV zaka khumi ndi zitatu. Ndikuinena mmene anainenera eni ake.

"Lachiwiri ndinapita kuchipatala kukatenga mankhwala. M'botolo munatsala pilitsi limodzi basi. Ndi maondo angawa, ulendo wake ndi maola atatu.

Nditafika ndinapeza tenti, mipando yapulasitiki, chinkuzamawu. Mayi wina wovala jekete la bungwe linalake anandigwira mkono.

'Agogo, kuyambira lero achikulire muzikhala patsogolo.'

'Patsogolo pa mzere?'

'Patsogolo pa zonse!'

Anatikhazika mipando yoyambirira, maso ndi maso ndi alendo ochokera ku Blantyre. Achinyamata anaima kumbuyo, padzuwa. Ine kupusa, ndinawamvera chisoni.

Pemphero. Kwaya. Wapampando. Wachiwiri kwa wapampando. Kenako bwana wa bungwe. Atanena kuti 'pomaliza' kachitatu, a Ezekiele, amene tinayamba nawo mankhwala chaka chimodzi, anandigunda ndi chigongono.

'Mayi Stelia, tacheukani.'

Achinyamata aja akuzemba mmodzimmodzi, kupita pazenera la mankhwala, kutuluka ndi mabotolo.

'Tiyeni nafe,' ndinanong'ona.

'Mudzuke bwana akulankhula? Pamaso pake? Munaleredwa kuti inu?'

Zoona, ife anatilera kuti wamkulu akamalankhula sudzuka, ngakhale wamkuluyo akhale msinkhu wa mwana wako wachitatu. Tinakhala.

Bwana uja anatsika ndi chinkuzamawu. 'Agogo, vuto lanu lalikulu n'chiyani?'

'Kudikira, bwana,' anatero a Ezekiele.

Anthu m'manja pwapwapwa. Bwana analemba m'kabuku, nkufotokoza za kuipa kwa kudikira kwa ola lathunthu. Kenako zithunzi. Akuti sekererani agogo, kwezani buku lakuchipatala.

Atatimasula, tinapeza a Gerishon, opereka mankhwala, akukhoma loko.

'Ndibwere mawa eti?'

'Mawa ndi masiku ena onse ndi a osafika zaka fifite. Achikulire mwapatsidwa tsiku lanulanu, Lachiwiri loyamba la mwezi, kuti musamavutike pamzere.'

'Lachiwiri lake si lero?'

'Ndi lero. Latha.'

'Nanga mwezi wonsewu ndizimwa zithunzi?'

Anangoloza chipepala chimene bungwe lamata pakhoma.

Ndinakagona kwa alamu anga pafupi pomwepo. M'mawa ndinamanga duku mpaka m'nsidze, nkukaima kumbuyo kwenikweni kwa mzere. Nditafika pazenera, a Gerishon anafunsa, 'Zaka?'

'Fote naini.'

Anayang'ana m'buku. Anayang'ana ine. Anayang'ananso chipepala chija.

'Mukuoneka bwino, achemwali,' anatero, nkundipatsa a miyezi itatu.

Ndinawamanga pansonga ya chitenje, nkudzera kwa a Ezekiele kukawauza kuti amete imvi, mawa ali ndi zaka fote eyiti."