Moto Uwiri wa ku Rivas

A Chilo ndi ine timathyola khofi m'mizere yoyandikana, kumtunda kwa Naranjo. Iwo anachokera ku Rivas, ku Nicaragua, zaka khumi ndi ziwiri zapitazo. Ine ndinabadwira konkuno ku Costa Rica. Chaka chatha analephera mayeso a unzika ndi mamalikisi ochepa, ndipo zinawapweteka. Adzukulu awo atatu ndi nzika za kuno, koma iwo amayendabe ndi chiphaso cha mlendo.

"Ndatopa kukhala mlendo pakhomo panga pomwe," anandiuza.

Tsono tinagwirizana kuti ndiziwafunsa mafunso uku tikuthyola. Kabuku ka mayeso ndinkakakulunga m'pepala la pulasitiki kuopa mame. Zigawo zisanu ndi ziwiri za dziko ankazitchula osapumira. Mitsinje, mapiri ophulika, chaka chimene tinathetsa gulu lankhondo, zonsezo ankayankha manja ali m'nthambi.

Funso limodzi lokha ndi limene linkatiyambanitsa.

"Ndani anayatsa nyumba imene munabisala asilikali a Walker, mzungu wa ku America wodzalanda dziko uja, ku Rivas?"

"Emmanuel Mongalo, mphunzitsi."

"Juan Santamaría, achemwali. Woimba ng'oma wa kwathu kuno, ku Alajuela."

"Ku Rivasko inu munapondako? Ife chaka chilichonse tinkavala zoyera pa tsiku la aphunzitsi, n'kumayimba za Mongalo dzuwa likuswa mtengo."

"Ndiye bwalo lathu la ndege tinalitcha dzina la munthu wongopeka?"

"Kaya inu. Paja mumatinso mpunga wa nyemba munayamba kuphika ndi inu."

Tsiku lina masana tinakhala pamthunzi wa nthochi, aliyense atatsegula kontena yake, yawo ya nyemba zofiira, yanga ya zakuda. Apo ndi pamene anaulula kuti chaka chatha funsoli linabwera. Pa mayankho osankhapo dzina la Mongalo panalibe, ndiye analidumpha osayankha.

"Aphunzitsi anga, malemu mayi Nubia, akanatembenuka m'manda," anatero chapansipansi. "Unzikawo ndikuufuna, koma kunama ayi."

Ndinatulutsa kabuku kaja n'kuyamba kuwerenga ndime yonse pang'onopang'ono, osati funso lokha monga ndinkachitira masiku onse. Nditafika pa 11 Epulo 1856, a Chilo anasiya kutafuna.

"Epulo? Bwerezani."

Ndinabwereza.

"Moto wathu ndi wa pa 29 Juni 1855. Tsiku limenelo mukhoza kundidzutsa patulo, ndikuuzani."

Tinayang'anizana. Milungu itatu yonse tinkakangana za moto uwiri wosiyana, wa m'tauni imodzi. Kusukulu kwathu sanatiuze za woyambawo, ndipo iwo wachiwiriwo anali asanautchere khutu.

"Ndiye kwanu mumangoyatsa nyumba chaka ndi chaka," ndinatero.

Anaseka mpaka kutsamwa. Atamwa madzi anafunsa kuti woimba ng'omayo zinamuthera bwanji, poti Mongalo anatulukamo wamoyo. Ndinawauza kuti anafera pomwepo, muuni uli m'manja.

Anatola nyemba imene inagwera pachilundu.

"Mwana wa eni ake kudzafera kwathu," anatero. "Ameneyo ndimulemba ndithu."

Mayeso analemba Loweruka lina m'mawa. Ine ndinawaperekeza pabasi, n'kuwadikira pabenchi panja pa sukulu. Atatuluka ankangokupiza kumaso ndi kapepala.

"Funso lija linabwera?"

"Linabwera. Ndinayamba ndayang'ana kaye chaka."

Zotsatira zinatuluka khofi atatsala wokunkha. Anakhoza. Sanachite phokoso ayi, anangondionetsa pafoni, n'kumanga dengu m'chiuno monga mwa masiku onse. Titalowa m'mizere ndinamva mawu awo kuseri kwa masamba.

"Achemwali, 1855, ku Rivas. Ndani?"

"Mongalo."

"Ntchito yake?"

"Mphunzitsi."

"Mwakhoza. Tsiku lina ndidzakutengani mukaoneko kwathu."