Makutu a Bambo Puckett

Kuno ku Hollywood aliyense ankaidziwa nkhope ya a Ellery Puckett, koma dzina lawo ayi. Lero ndi ogulitsa mowa m'bala, mawa ndi dokotala wa kumudzi, mkuja awomberedwa ndi achifwamba filimu isanafike ndi pakati pomwe. Ine ndinakhala mkazi wawo m'mafilimu ochuluka moti amuna anga enieni anatopa nayo nsanje.

N'chifukwa chake ndinazindikira msanga kuti makutu awo afa. Ankangoyang'ana milomo ya mnzawo, ikatsekeka iwo n'kuyankha. Ndinawafunsa tikudya masangweji kuseri kwa situdiyo.

"Musauze munthu, Corinne," anatero. "Akangodziwa, foni yanga siliranso. Pakhomo ndizikatani ine, kuweta nkhuku?"

"Tambala wake simungamumve n'komwe," ndinawayankha. Anaseka, koma ine mtima unandiwawa.

Vuto linabwera tikujambula filimu ina, iwo ali wolandira alendo pahotela, ine wosesa. Rex Tolliver, katswiri wamkulu m'filimuyo, anaumirira kuti alankhula atawafulatira, ati tsaya lake lakumanzere ndilo limakongola pakamera. Analankhuladi. A Puckett anangoti duu, maso ali pankhongo ya munthu. Tinayambiranso, zomwezo. Ndinagwetsa tsache kuti ndiwatsine khutu, koma ndinali kumbali, sanandione.

Wotsogolera filimu, a Lindqvist, munthu wosachedwa kupsa mtima, anadzuka pampando pang'onopang'ono. Mumtima ndinati basi, ntchito ya a Puckett yathera pano. Koma anawadutsa a Puckett, n'kukamugwira Rex m'mapewa ndi kumutembenuza.

"Uziwayang'ana akuluakulu ukamalankhula nawo, iwe."

"Koma tsaya langa..."

"Tsaya lakolo anthu atopa nalo."

Kenako anaima patsogolo penipeni pa a Puckett, n'kulankhula motsegula pakamwa bwinobwino: "Tiyambirenso, Ellery. Nyali ija ndiyo inavuta."

Nyaliyo inalibe vuto lililonse. Pamenepo m'pamene ndinakumbukira kuti chiyambire chaka chatha, a Lindqvist sanawalankhulepo ali kumbuyo kwawo.

Tinajambula kamodzi n'kutheka. A Lindqvist anakuwa kuti basi, koma a Puckett anapitiriza kupukuta kabelu ka pakauntala, mutu uli pansi. Ndinayang'ana uku ndi uku ndi mantha. Palibe anaseka, palibe anasuntha. Woyatsa nyali sanazimitse, ndipo wojambula anaisiya kamera ikuzungulirabe mpaka iwo anadzutsa mutu okha.