Lamba wa Makina Achitatu

Lamba wa makina achitatu anavukanso, kachiwiri m'mawa umodzi. Makinawo anasiya kupota masamba, koma chitsulo chachitali chakudenga, chimene chinkayendetsa makina onse asanu m'fakitale ya tiyi, chinkazungulirabe. Unali Januwale wa 1948, mvula ili pakati, ndipo masamba ankabwera kuchokera kumunda ochuluka kuposa manja a anthu.

Yesaya, amene ntchito yake inali yothira oyilo m'makina, anaika kachitini kake pansi. Asanalankhule, anaona mlamu wake Stafford atakwera kale pabokosi, dzanja lili m'mwamba kufuna lamba uja.

"Alamu, tsikani pamenepo!" anakuwa Yesaya. "Dikirani azimitse injini."

"Ndikatsika, tiyiyu mupota ndi mano?" anayankha Stafford akuseka.

"Nanga jasilo? Vulani kaye. Mikono yake ikulendewera ngati makutu a mbuzi."

Stafford anali atabwerako kunkhondo zaka ziwiri zapitazo, ndipo jasi lake lausilikali sankalivula, makamaka m'chipinda chopoteramo masamba, momwe pansi pankakhala ponyowa ndi pozizira tsiku lonse.

"Jasi ili linawoloka nyanja n'kubwerako," anatero. "Zipolopolo zinalilephera. Ndiye lamba wa chikopa cha ng'ombe yakufa angalitani?"

Anagwira lamba, n'kumukankhira pagudumu lozungulira. Lamba anakwera, phwa! Makina anayambanso kulira. Anthu anaomba m'manja, ndipo Stafford anadumpha pabokosi n'kuchitira mlamu wake sawatcha.

Yesaya sanaseke. Anapita kwa kapitawo, a Dixon, amene anaima pakhomo akuyang'ana madengu a masamba.

"Akapitawo, chotchinga cha mawaya cha pagudumu chija chibwerere pamalo pake. Anachichotsa mu Okutobala, akuti akonze gudumu. Lero anthu akuyanikapo malaya kuseri kwa ng'anjo."

"Chikabwerera, lamba akavuka tizimasula mabawuti anayi nthawi zonse?"

"Ndiye tizizimitsa injini. Lambayo watambasuka, akufunika kudula n'kusokanso. Si ntchito yaitali."

A Dixon anamuyang'ana kuyambira kumapazi. "Kuzimitsa injini n'kuimitsa makina asanu. Masamba akapsa pansipa, bwana afunsa ine, osati iwe wa kachitini. Zaka zisanu ndi zitatu ndili muno, tikukweza lamba ndi manja. Wafa ndani?"

"Linda madzi apite, akapitawo."

"Miyambi ukaphere ana ako. Thira oyilo."

Chimene chinkamudya Yesaya n'chakuti ntchitoyo anamupezera Stafford ndi iyeyo. Ndiye anakamupempherera malo m'fakitale, poona kuti mlongo wake Eneless, mkazi wa Stafford, akuvutika ndi ana atatu, mwamuna ali khale pakhonde kusimba za nkhondo. Lamulungu atatuluka m'tchalitchi anapita kumalaini, komwe antchito a pa esiteti ankakhala. Anapeza Eneless akuchapa chiguduli chimene ankavala pothyola tiyi, ndipo anamufotokozera zonse.

"Achimwene, mukuuza ine?" anatero Eneless osadzutsa mutu. "Munthu amene ndimamuuza kuti asasiye chikwanje pamphasa pogona ana, n'kundiyankha kuti anagonapo ndi mfuti? Inu amuna anzake akakukanikani, ine ndingathe?"

"Yesa ndithu. Tsoka silinunkha."

Stafford anatulukira m'nyumba, nkhope itasintha. Anali atamva.

"Alamu, mwayamba kukandinenera kwa akazi anga? Ndine mwana ine?"

"Wakutsina khutu ndi mnansi, alamu."

"Khutu langa lisiyeni. Inu mumaopa ngakhale mthunzi wa makina, n'chifukwa chake anakupatsani kachitini. Kapitawo amandidalira ine. Mukufuna ndizikhala ngati inu?"

Yesaya anadzuka osatsanzika. Masiku atatu otsatira sanalankhulane. Lamba akavuka, Stafford ankakwera pabokosi n'kuyang'ana mlamu wake dala, ndipo Yesaya ankatembenukira kukhoma.

Lachinayi, dzuwa lisanafike pamutu, lamba anavukanso. Bokosi linali lonyowa ndi madzi otsukira pansi. Stafford anakwera, n'kugwira lamba monga mwa masiku onse. Phazi linaterera pang'ono chabe. Pofuna kudzigwira, anatambasula dzanja lamanja, ndipo mkono wa jasi unalowa pakati pa lamba ndi gudumu.

Yesaya anamva mkuwo asanaone chilichonse. Atatembenuka, mapazi a Stafford anali atachoka pabokosi.

"Zimitsani! Zimitsani injini!" anakuwa akuthamangira kuchipinda cha injini. Bizwick, woyang'anira injiniyo, sanalimo. Anali panja akusuta fodya, chifukwa m'katimo munkatentha. Yesaya anagwira chitsulo chozimitsira ndi manja awiri n'kuchikoka. Phokoso linatsika pang'onopang'ono mpaka kuti zii.

Anapeza Stafford ali pansi pakati pa masamba. Chinamupulumutsa n'chakuti jasilo linali lakale. Linang'ambika paphewa n'kumugwetsa, mkono wa jasilo n'kutsala wokulungika pagudumu. Koma dzanja linali litathyoka pawiri, ndipo zala ziwiri panalibe. Yesaya anang'amba malaya ake n'kumanga. Anamunyamula anthu anayi n'kumugoneka m'lole ya masamba. Loleyo isanatuluke pachipata, injini inali itayambanso kulira, munthu wina akutsuka pansi ndi ndowa.

Madzulo ake bwana anabwera, anayang'ana gudumu, n'kulankhula mawu ochepa kwa a Dixon. Kutacha, chotchinga chinali pamalo pake.

Loweruka Yesaya anakaona mlamu wake kuchipatala. Eneless anali atakhala pansi pafupi ndi bedi, mwana ali kumbuyo, maso ofiira. Stafford ankayang'ana kudenga.

"Nenanitu, alamu," anatero. "Nenani kuti munandiuza."

"Ndikanena, zalazo zimera?"

Stafford anatseka maso. "Malo anga asunga?"

Malowo anali atapatsidwa kale kwa Edson, bambo wa ku Khonjeni amene anali asanagwirepo makina chibadwire.

Chotchinga chinakhala masabata awiri. Lamba anali yemwe uja, wotambasuka, ndipo ankavukabe. Nthawi iliyonse ankamasula mabawuti anayi, a Dixon akutukwana. Kenako anayamba kumanga awiri okha. Kenako m'mawa wina Yesaya anapeza chotchinga chili chotsamira kukhoma, wina atakolekapo chipewa.

"Akapitawo, magazi a munthu sanaume n'komwe m'ming'alu ya simentiyi."

"Uja anali wamatama, ndi jasi lakelo," anatero a Dixon. "Edson alibe jasi."

Masana lamba anavuka. A Dixon anakankha bokosi ndi phazi mpaka pansi pa gudumu.

"Edson, kwera. Ugwire apa, ukankhe msanga, uchotse dzanja. N'zosavuta."

Edson anayang'ana gudumu likuzungulira, n'kuyang'ana manja ake. Anapukuta zikhatho pakabudula. Anaika phazi limodzi pabokosi.

Yesaya sanakuwe. Anali atatopa nako kukuwa. Anayenda kupita kuchipinda cha injini.

"Bizwick, zimitsa."

"Wanena ndani? Kapitawo?"

"Ndanena ine."

"Iwe ndiwe ndani? Ine ndili ndi ana, Yesaya, usandiphe."

Yesaya anamulambalala n'kukoka chitsulo chija yekha. Fakitale yonse inati zii. Anthu anaima, mafosholo ali m'manja. Iye anabwerera, anachotsa Edson pabokosi, anatsitsa lamba, anamudula chidutswa chotalika ngati chikhatho, n'kumusoka ndi zingwe zachikopa zimene zinkakhala m'bokosi la zipangizo. A Dixon ankakuwa kumbuyo kwake, koma iye sanatembenuke. Anakweza lamba, anabwezera chotchinga, n'kumanga mabawuti onse anayi. Zonsezo zinatenga nthawi yoti munthu n'kusuta ndudu ziwiri.

"Yatsa tsopano," anauza Bizwick.

Makina onse asanu atayamba kupota, a Dixon anayandikira Yesaya mokwiya.

"Fakitale ino yakhala ya bambo ako? Bwana wamva injini itaima, ndipo wafunsa. Kuyambira mawa uli kumunda, kukumba ngalande. Tione ngati khasu nalo ungalizimitse."

"Ndamva, akapitawo," anatero Yesaya. Anatembenukira kwa Edson. "Iwe, dzanja ndi lako, si la kampani. Akakuuza kukwera, uziganiza kaye."

Edson anavomera ndi mutu, koma maso ake anali pa kapitawo.

M'mawa mwake Yesaya anali kumtunda kwa munda, matope ali m'mawondo, mvula yamawawa ikumunyowetsa msana. Denga la fakitale linkaoneka kumunsi pakati pa mitengo ya bulugamu, ndipo kulira kwa injini kunkafika bwinobwino mpaka pamene anali. Kangapo konse anasiya khasu n'kutchera khutu, mpaka mnzake wa m'ngalandemo anamufunsa ngati akudwala.

Injiniyo sinaime n'kamodzi komwe mpaka belu loweruka. Kaya msoko wake unagwira, kaya lamba anavuka wina n'kukwera pabokosi, Yesaya analibe njira yodziwira. Anatsuka khasu m'ngalande, n'kulowera kumalaini kukawaza nkhuni za Eneless.